Chala pa Njerwa ya ku Uri

Ndimalowa pageti kusanatenthe,
Mizhir mlonda akutsuka matambula a tiyi.
Amandilemba m'kaundula ngati mlendo,
chonsecho tinkasambira limodzi mu Firate tili ana.

Nsanja ili pomwe ndinaisiya dzulo,
yakhala tsonga pakati pa chipululu,
makwerero atatu akukumana m'mwamba
pomwe akuti panali nyumba ya mulungu wa mwezi.
Nyumbayo kulibe. Kwatsala mphepo.

Ine ndimalimbana ndi mchere.
Umakwera usiku kuchokera pansi, osagogoda,
m'mawa khoma lili mbuu ngati milomo ya wodwala malungo,
ukalikhudza limangoyoyoka.
Nkhondo zinadutsa pano n'kusiya timabowo,
zinapita.
Mchere sufuna ndege kapena mfuti.
Uli ndi nthawi.

Lachiwiri ndinazula njerwa yodyeka
kumunsi kwa khoma lakumpoto,
phula lakuda likadali kakaka kumsana kwake.
Pamimba pake chidindo cha mfumu,
zilembo zonga mapazi a mpheta pamatope.
A Nuhad, injiniya wathu, amatha kuziwerenga:
akuti mfumu ikunena kuti inamanga ndi iyo.

Nditaitembenuza ndinapeza chala.
Chachikulu, chakumanzere,
chodinda dongo lisanaume,
kachipsera katapingasa pakati.

Inamanga ndi mfumu?
Ndaumba njerwa kuyambira ndevu zisanamere
ndipo ndikudziwa, chala chimalowa chonchi
msana ukakana, dzuwa lili paliwombo,
kapitawo akuwerenga mizere mokweza,
iwe n'kukankha chikombole ndi mkwiyo
poti munthu sungamukankhe.

Ndinavula golovesi.
Lamulo limaletsa, lalembedwa pachikwangwani m'zilankhulo ziwiri,
koma a Nuhad anali pafoni.
Ndinaika changa m'malo mwa chake.
Sichinalowe chonse.
Mwina anali wochepa thupi,
mwina mwana.

Zaka zikwi zinayi, amatero ophunzira,
ine osapeza funso lanzeru.
Za mwezi sindinamufunse,
kapena zomwe ansembe ankanong'ona pamwamba apo.
Ndinangoti: mnzanga, balere wanu ankabwera pa nthawi yake?
Ife athu achedwa miyezi itatu,
mapepala akuti ali patebulo ku Baghdad.
Nanga pamwambapo unakwerapo,
kapena nawenso unkathera pa chingwe
pomwe amathera alendo?

Njerwayo anaipatsa nambala,
anaikulunga m'thonje ngati khanda lobadwa masiku asanakwane,
ili m'bokosi, m'chipinda chozizira kuposa nyumba yanga.
Pakhoma panatsala gweru.

Zatsopano zili ndi lamulo lake:
zikhale zosalala, zidindidwe chaka chino,
kuti odzabwera m'tsogolo asadzanamizidwe.
Ndinaponda dongo ndi mapesi kuseri kwa mpanda wa waya,
ndinaumba makumi anayi,
ndinaziotcha, zinalira bwino pozigogoda.
A Nuhad anaziyendera imodziimodzi,
pensulo ili kukhutu,
anakana ziwiri zokhota.
Ya khumi ndi chisanu ndi chiwiri anainyamula,
anayang'ana kunsi kwake nthawi yaitali,
anandiyang'ana ine,
n'kuibweza pamzere osanena kanthu.

Ndinaiika dzulo madzulo,
nkhope yake kuyang'ana m'kati, kumdima,
phula lotentha likununkha mpaka kummero.
Basi ya ana asukulu a ku Nasiriya inali ikunyamuka,
mphunzitsi akuwerenga mitu,
mmodzi akulirira chipewa chomwe mphepo inakweza nacho
kumene ife sitiloledwa kufika.

Mwezi unatuluka cha kumadambo, wofiira ndi fumbi,
unafika pamwamba pa nsanja, sunapeze khomo,
unapitirira.
Mizhir anakhoma geti.
Pansi pa mapazi athu mchere unayamba ntchito yake.

Kunyumba Sabiha, mwana wanga wotsiriza,
anagwira dzanja langa pa nyale
nati, bambo, chala ichi sichiyera bwanji?
Ndinati ndi phula, mwanangu, limakhalitsa.
Bweretsa madzi tiyesebe.